Kodi "Propaganda" N'chiyani?

Pa tchuthi chachikulu cha chaka cha 2025 ndidali kwathu, kufupi ndi nyanja ya Chiuta m'boma la Machinga. Idali nyengo ya misonkhano yokopa anthu pokonzekera chisankho cha pa 16 September. M'mawa uliwonse ndinkapita ku dooko kukathandiza amalume kuwonjola nsomba m'matchera, ndipo pamenepo wayilesi siinkazima. Munthu wa chipani china akayamba kulankhula, asodzi ena ankafuula kuti, "Tsekani wayilesiyo, imeneyo ndi pulopaganda!" Wa chipani chinacho akayankha, gulu linanso linkafuula mawu omwewo. Ngakhale mayi anga, tsiku lina mng'ono wanga atanamizira m'mimba pothawa kukatunga madzi, adamuuza kuti, "Iwe, usandipangire pulopaganda pano."

Choncho ndidabwerera ku seminale ndikudziwa kuti propaganda ndi bodza basi. Koma tsiku lina m'nyumba yowerengeramo mabuku, ndikuwerenga mbiri ya Mpingo m'Malawi, ndidapeza kuti amishonale oyamba ankatumiza makalata awo ku likulu lina la ku Roma lotchedwa Propaganda Fide. Mtima udandigunda. Kodi Apapa adali ndi ofesi yofalitsa mabodza? Ndidapita kwa Bambo amene amatiphunzitsa Chilatini n'kuwafunsa. Iwo adaseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, funso lako n'labwino. Pita ukafufuze, ndipo zimene ukapeze ukalembe kuti anzako nawonso aphunzire." Izi ndizo ndidapeza.

Gwero la mawuwa

Mawu akuti propaganda adatifika kudzera m'Chingerezi, koma kwawo ndi ku Chilatini. Amachokera ku mneni wakuti propagare. Alimi a mphesa a ku Roma wakale ankagwiritsa ntchito mneniyu ponena za kuchulukitsa mbewu: kupinda nthambi ya mpesa n'kuikwirira m'dothi kuti imere mizu, ikhale mtengo wina. Kwathu kuno tingayerekeze ndi mlimi amene amadula mtengo wa chinangwa zidutswazidutswa n'kubzala munda wonse, kapena mayi amene akuwokera kholowa. Mathero akuti -nda amasonyeza chinthu choyenera kuchitidwa, monga m'mawu akuti agenda, omwe amatanthauza zoyenera kuchitidwa. Motero propaganda poyamba inkatanthauza chinthu choyenera kufalitsidwa. M'mawuwa mudalibe choipa chilichonse.

Pa 22 June 1622 Papa Gregory XV adakhazikitsa bungwe lotchedwa Congregatio de Propaganda Fide, ndiye kuti bungwe loona za kufalitsa chikhulupiriro. Nthawi imeneyo ntchito ya umishonale idali kwambiri m'manja mwa mafumu a ku Portugal ndi Spain, ndipo nthawi zambiri inkasakanikirana ndi malonda ndi utsamunda. Apapa adafuna kuti ntchitoyi iziyendetsedwa kuchokera ku Roma. M'chaka cha 1627 Papa Urban VIII adatsegula sukulu yophunzitsa ansembe ochokera m'maiko a mishoni, ndipo bungweli lidalinso ndi makina osindikizira mabuku m'ziyankhulo zambiri.

Mpingo wa m'dziko lathu udabadwira pansi pa bungwe limeneli. Ansembe a White Fathers adafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, ngakhale kuti adachokako mu 1891. Ansembe a chipani cha Montfort adayamba mishoni ya Nzama ku Ntcheu mu 1901, ndipo mu 1908 adatsegula Utale m'dera la Balaka. Mu 1967 Papa Paul VI adapatsa bungweli dzina latsopano, lonena za kulalika Mthenga Wabwino kwa mitundu ya anthu, ndipo mu 2022 Papa Francis adaliphatikiza mu Dicastery for Evangelization. Komabe anthu ambiri sadaiwale dzina lakale lija.

Mmene mawuwa adadetsedwera

Nanga zidatani kuti mawu a kumunda ndi a kutchalitchi asanduke chitonzo? Pang'onopang'ono anthu adayamba kuwagwiritsa ntchito ponena za gulu lililonse lofalitsa maganizo ake, makamaka pa ndale. Koma chimene chidawadetsa kwenikweni ndi nkhondo.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, maboma adatsegula maofesi apadera olimbikitsa anthu awo ndi kunyoza adani. Mu 1917 manyuzipepala a ku Britain adalemba kuti Ajeremani adali ndi fakitale yowiritsa mitembo ya asilikali awo kuti apezemo mafuta. Anthu ambiri adakhulupirira. Mu 1925 nduna ya Britain yoona za maiko akunja, Austen Chamberlain, idavomera m'nyumba ya malamulo kuti nkhaniyo siidali yoona. Taonani kuipa kwake: pa nkhondo yachiwiri, malipoti oona atayamba kumveka akuti Ayuda akuphedwa mwaunyinji, ena adakayika poganiza kuti ndi bodza linanso ngati lija. Bodza la dzulo lidatseka makutu a anthu pa choona cha lero.

Mu 1933 Adolf Hitler adakhazikitsa unduna wathunthu wokhala ndi mawu akuti propaganda m'dzina lake, ndipo adaupereka kwa Joseph Goebbels. Undunawu unkalamulira manyuzipepala, mafilimu ndi wayilesi. Boma lidaonetsetsa kuti pakhale mawayilesi otsika mtengo kuti mawu ake afike m'nyumba iliyonse. Tsiku ndi tsiku anthu ankamva kuti mavuto onse a dziko akudza ndi Ayuda. Nkhondo pomatha mu 1945, Ayuda pafupifupi 6 miliyoni adali ataphedwa.

Tisaganize kuti izi n'za Azungu okha. Ku Rwanda wayilesi ya RTLM, yomwe idayamba mu 1993, inkaika nyimbo zokoma ndi nthabwala, koma pakatipakati inkatchula Atutsi kuti ndi mphemvu. Kuyambira April mpaka July 1994 anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa, ndipo ambiri adaphedwera m'matchalitchi momwe adathawira. Zikwanje zisanayambe ntchito, mawu ndiwo adatsogola. Munthu ukayamba wamusandutsa mphemvu m'maganizo a anthu, omupha sasowa.

Phunziro la kwathu kuno: 1992 ndi 1993

Ine ndidabadwa zinthu izi zitapita kale, koma makolo athu akuzikumbukira bwino. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, pansi pa Dr. Hastings Kamuzu Banda, dziko lidali ndi wayilesi imodzi yokha, MBC. Wayilesi ya kanema kudalibe mpaka 1999. Manyuzipepala akuluakulu adali Daily Times ndi Malawi News, ndipo kuyambira 1968 padali bungwe la boma lounika mabuku ndi mafilimu, lokhala ndi mphamvu yoletsa zimene silidakonde. Munthu wakumudzi ankamva liwu limodzi lokha, m'mawa, masana ndi madzulo.

Lamulungu loyamba la Lenti, pa 8 March 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Kalatayi idasindikizidwa ku Balaka, pa makina a ansembe a Montfort. Idanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, kuchepa kwa mankhwala ndi zipangizo za sukulu, ziphuphu, kutsekera anthu m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, ndi kusowa ufulu wolankhula. Boma lidalengeza kuti kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo udali mlandu. Ambuye James Chiona ndi maepiskopi anzawo adafunsidwa ndi apolisi kwa maola ambiri ku Blantyre. Nyumba yosindikizira ya ku Balaka idayatsidwa moto, ndipo Monsinyo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, adapirikitsidwa m'dziko muno.

Patsogolo pake padadza riferendamu ya pa 14 June 1993. Ofuna chipani chimodzi chizindikiro chawo chidali tambala wakuda, ofuna zipani zambiri chawo chidali nyali. Uthenga umene unkamveka kwambiri kuchokera ku mbali ya tambala udali wakuti matipate ndi nkhondo. Kwa anthu a ku Chiuta amenewa sadali mawu ocheza. Tsidya lina la nyanja yathu ndi Mozambique, boma la Mecanhelas m'chigawo cha Niassa, ndipo nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idathamangitsira m'Malawi anthu oposa 1 miliyoni.

Ndidafunsa agogo anga aakazi kuti adavotera chiyani. Adandiyang'ana n'kunena kuti, "Amuna anga, ine ndidavotera tambala, ndipo sindibisa. Nkhondo ndidaiona ndi maso angawa. Tidasunga banja lathunthu m'khitchini mwathu, lidawoloka usiku pabwato, mwana ali kumbuyo, opanda ndi mphika womwe. Ndiye munthu akandiuza kuti ukavotera nyali zomwezi zikugwera, ndikadatani ine?"

Agogo anga sadali opusa, ndipo nkhondo ya ku Mozambique siidali yopeka. Apa ndi pamene ndidamvetsa chinthu chachikulu pa phunziro lino: propaganda yamphamvu siikhala bodza lokhalokha. Msodzi aliyense wa ku Chiuta amadziwa kuti mlamba suluma mbedza yopanda kanthu. Nyambo ndi chakudya chenicheni, koma mkati mwake muli mbedza. Choona chidali chakuti ku Mozambique kudali nkhondo yoopsa. Chobisidwa chidali chakuti nkhondoyo idabuka dzikolo lili pansi pa chipani chimodzi, ndipo idatha ndi pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 October 1992, lomwe lidatsegula njira ya chisankho cha zipani zambiri cha mu 1994. Ku Zambia nako adali atachita kale chisankho chotere mu 1991 popanda nkhondo. Zimenezi agogo anga palibe adawauza.

Pa riferendamuyo anthu oposa 63 mwa 100 aliwonse adasankha nyali, ndipo pa 17 May 1994 Bakili Muluzi, wa ku Machinga konkuno, adapambana pa chisankho. Koma agogo adandichenjeza kuti ndisaone ngati mbali inayo idali ya angelo okhaokha. "Enanso ankatiuza kuti nyali ikangopambana umphawi utha mawa lake," adatero akuseka. "Nyambo idali uku ndi uku."

Nanga kalata ya maepiskopi ija, kodi siidali propaganda? Potsata tanthauzo lakale, idalidi chinthu choyenera kufalitsidwa, ndipo anthu adaifalitsadi mobisa. Koma potsata tanthauzo la lero, iyayi. Olemba ake adasaina maina awo poyera, podziwa kuti angathe kuvutika. Adanena zinthu zimene munthu aliyense akadatha kuzitsimikiza pa chipatala kapena pa sukulu ya kwawo. Adayamikira zabwino zimene boma lidachita. Ndipo sadauze munthu kuti adane ndi mnzake.

Mmene timagwiritsira ntchito mawuwa masiku ano

M'Chingerezi cha lero, propaganda ndi uthenga wokonzedwa dala, wa mbali imodzi, wofalitsidwa kwa anthu ambiri kuti aganize kapena achite zimene wofalitsayo akufuna, popanda kuwapatsa mpata woyeza okha. Ungathe kukhala wabodza, woona mwatheka, kapena woona koma wobisa zina. Anzanga amene tikukonzekera mayeso a MSCE tikumbukirenso kuti m'Chingerezi dzinali siliwerengeka. Sitinena kuti a propaganda kapena propagandas, koma a piece of propaganda. Munthu wochita ntchitoyi ndi propagandist.

N'zochititsa chidwi kuti tikangowoloka nyanja, mawuwa amasintha kulemera. M'Chipwitikizi cha ku Mozambique, propaganda eleitoral ndi dzina wamba la mapepala ndi mauthenga a nthawi ya chisankho, ndipo limapezeka m'malamulo awo. Kumeneko munthu angathe kunena kuti akukamata propaganda ya chipani chake popanda kudzitukwana.

Tisiyanitsenso propaganda ndi abale ake. Bodza la mng'ono wanga lija lidali bodza chabe, chifukwa linkapita kwa munthu mmodzi. Miseche imakhudza mbiri ya munthu ndipo imayenda m'manong'onong'o. Mphekesera ndi nkhani yopanda mwini, yoyenda yokha, monga ija ya anamapopa ya mu 2017, yomwe idaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera. Propaganda ili ndi mwini ndipo ili ndi cholinga, ngakhale mwiniyo atabisala. Koma nthawi zambiri imakwera pamsana pa mphekesera, chifukwa wochenjera akaona mantha a anthu amawatola n'kuwasandutsa chida chake.

Pali kagwiritsidwe kenanso kamene ndidakaona pa dooko paja. Asodzi aja sankayeza zimene zinkanenedwa. Ankangomva kuti wolankhula ndi wa mbali ina, basi n'kufuula. Mawu akuti propaganda adasanduka chitsekerero cha m'makutu. Munthu wotere amadziyesa wochenjera, koma ndiye wosavuta kumunamiza, chifukwa zonse za mbali yake amameza osatafuna. Alangizi a zaumoyo akamaphunzitsa za kolera, yomwe idabuka ku Machinga mu March 2022 n'kufalikira dziko lonse, kapena a zausodzi akamaletsa maukonde a maso ang'onoang'ono, wina n'kungoti "pulopaganda ya boma", ovutika ndi ana athu omwe.

Kulakwa kwanga

Ndiyenera kuulula kuti inenso ndidagwidwapo ndi mbedza. Pa tchuthi chomwe chija amalume ankandipatsa foni yawo kuti ndiziwawerengera mauthenga. Tsiku lina pa WhatsApp padabwera uthenga wa mawu. Munthu wosatchula dzina lake ankanena mokhudzika kuti wina mwa opikisana nawo m'dera lathu walonjeza kugulitsa madooko kwa anthu akunja, ndipo asodzi onse adzathamangitsidwa. Pomaliza adati, tumizani msanga kwa ena asanafufute. Ine magazi adawira. Osafunsa munthu, ndidatumiza uthengawo ku gulu la mphakati wathu.

Patapita masiku awiri, bambo wina wogula nsomba, amene ankadziwika kuti amatsata wopikisana uja, adakuwizidwa pa dooko ndipo asodzi adakana kumugulitsa nsomba. Adabwerera ndi dengu lopanda kanthu, pamene ali ndi ana kunyumba. Ndidamva mayi wina akunena kuti, "N'zoona zimenezi, watumiza ndi mnyamata wa ku seminale uja." Mawu amenewa adandilasa kwambiri. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adamva wopikisanayo akunena zimenezo pa msonkhano uliwonse. Anthu adakhulupirira chifukwa cha dzina la sukulu yanga. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, koma ine ndidaposa pamenepo, pakuti ngakhale amene ankalankhulayo sindinkamudziwa. Amalume adandiperekeza kukapepesa kwa bambo uja, ndipo ndidalemba ku gululo kuti ndidatumiza nkhani yopanda umboni. Koma chipepesocho sichidafike konse kumene uthenga uja udafika.

Mafunso anayi

Kuchokera pa zonsezi ndadzipangira mafunso anayi amene ndimadzifunsa ndisanakhulupirire kapena kutumiza uthenga. Mwina angathandizenso ena.

1. Kodi akulankhula ndani, ndipo watchula dzina lake? Munthu wonena zoona kawirikawiri saopa kudziwika.

2. Kodi akufuna kuti ndichite chiyani, ndipo ndikachita apindule ndani?

3. Kodi chimene sadanene n'chiyani? Mbali inayo ikadapatsidwa mpata ikadayankha zotani?

4. Kodi uthengawu ukundipatsa nthawi yoganiza, kapena ukundithamangitsa ndi mantha ndi mkwiyo? Ukamanena za gulu lonse la anthu, mtundu, chigawo kapena chipembedzo, ngati kuti onse ndi oipa, pamenepo pali mbedza.

Funso lovuta kwambiri ndi lakuti mafunsowa ndiwagwiritsenso ntchito pa uthenga umene ukundikomera. Kukayikira mdani n'kosavuta. Kuyeza mawu a mbali yako ndiye ntchito.

Nanga ife aseminale?

Ambiri mwa ife tikulakalaka kudzaima pa guwa n'kumalankhula kwa anthu mazanamazana amene sangatiyankhe pa nthawiyo. Imeneyi ndi mphamvu yaikulu. Kodi ulaliki udzasiyana bwanji ndi propaganda? Msonkhano waukulu wa Vatican II, m'chikalata chake cha 1965 chonena za ufulu wa chipembedzo, udaphunzitsa kuti munthu asakakamizidwe kukhulupirira, ndi kuti pofalitsa chikhulupiriro tipewe njira zonse zoumiriza kapena zonyengerera mwachinyengo, makamaka kwa anthu osauka ndi osaphunzira. Kwathu ku Chiuta timakhala ndi abale athu Asilamu ndi a mipingo ina, timaphera nsomba nyanja imodzi ndipo timaika maliro limodzi. Ndikadzanena za iwo zinthu zimene sindingathe kubwereza iwo ali pomwepo, ndikadzabisa zolakwa za Mpingo wanga n'kumakuza za ena, kapena ndikadzaopseza anthu kuti anditsate, ndidzakhala nditaika mbedza m'kati mwa Mthenga Wabwino.

Nditapereka zolembazi kwa Bambo aja, adawerenga n'kundifunsa kuti, "Tsono Apapa adali ndi ofesi ya mabodza?" Ndidayankha kuti, "Iyayi Bambo, idali ofesi yowokera mbewu." Iwo adati, "Chabwino. Koma kumbukira kuti kaufiti nayenso amafalikira m'munda, ndipo maluwa ake ndi okongola kuposa a chimanga."

Makolo athu, chonde muzitifotokozera zimene mudaona mu 1992 ndi 1993, ngakhale mudavotera tambala kapena nyali, pakuti ife tidabadwa mochedwa ndipo m'mabuku simuli zonse. Ndipo ife anyamata, pa tchuthi chikudzachi tikadzagwira foni ya kunyumba, tidzakumbukire kuti anthu akumudzi amakhulupirira zimene watumiza mwana wa ku seminale.